Kumene soda amathira m'thanki ya madzi, osati m'therere

Msewu wa nambala 11 umachoka m'tauni ya Hilo, m'mphepete mwa nyanja, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono kulowera kumwera chakumadzulo. Ukayenda makilomita pafupifupi 50 umakhala wafika pamudzi wotchedwa Volcano, pamtunda wa mamita ngati 1,200, pomwe madzulo munthu amasakasaka juzi ngakhale ali pachilumba cha Hawaii chimene timangochidziwa ndi zithunzi za mchenga ndi mitengo ya kokonati. Alendo ambiri amadutsa msewu umenewu maso ali kutsogolo, kuthamangira kukaona phiri la Kilauea. Koma woyang'ana m'mbali amaona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza pakhomo ndi pakhomo: thanki yaikulu yozungulira, ina ya malata, ina ya simenti, ina yongokhala ngati dziwe losambiramo ana lomwe alivindikira ndi chinsalu chakuda. Paipi imachokera kudenga n'kukalowa m'menemo. Madzi a banja lonse ndi amenewo, akumwa, ophikira, osamba ndi ochapira.

Hawaii ndi gawo la dziko la America, ndiye munthu ungadabwe kuti zatheka bwanji anthu a m'dziko lolemera chonchi kumadalira madzi a padenga. Chifukwa choyamba ndi nthaka. Dera lino la Puna lakhala pamwamba pa chiphalaphala chimene chinauma posachedwa, ndipo mwala wake ndi wa mabowomabowo ngati siponji. Mvula ikagwa imangolowa pansi. Ku Hilo kumagwa mvula yoposa mamilimita 3,000 pachaka, koma kumtunda kuno ungayende tsiku lonse osawoloka mtsinje woyenda chaka chonse. Eni nthaka akale ankatchera zikho m'mapanga a chiphalaphala kuti azitunga madzi odontha kuchokera pamwamba. M'chiyankhulo chawo madzi ndi wai, ndipo chuma ndi waiwai. Sizinangochitika mwangozi.

Chifukwa chachiwiri ndi malonda a malo. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu a bizinesi anagula madera akuluakulu a nkhalango ndi miyala, n'kuwadula m'mapuloti zikwizikwi omwe anawagulitsa motchipa, ena kwa ogula amene sanafikeko n'komwe. Mapaipi a madzi sanayikemo. Malo ngati Hawaiian Paradise Park, Orchidland ndi Fern Forest anabadwa motero, ndipo pamene anthu anayamba kumangamo nyumba, aliyense anayenera kudzionera yekha. A pa yunivesite ya Hawaii amayerekeza kuti anthu pakati pa 30,000 ndi 60,000 m'zilumbazi amadalira madzi a mvula, ambiri a iwo ali pachilumba chachikuluchi. Masamu ake ndi osavuta. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi ya denga imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 kudera la mvula ngati kuno lingakolole malita 300,000 pachaka. Kuchuluka kwa madzi si vuto. Nkhani ili pa zimene madziwo adutsamo asanafike m'kapu.

Mukalowa m'paki ya Hawaii Volcanoes, yomwe inakhazikitsidwa mu 1916, mumaima m'mphepete mwa chidzenje chachikulu cha Kilauea. Mkati mwake muli china chotchedwa Halemaumau, chimene eni dziko amati ndi kwawo kwa Pele, mulungu wamkazi wa moto. Ngakhale tsiku limene phirili lili phee, utsi woyera umafuka m'ming'alu, ndipo mphepo ikatembenuka mumamva fungo ngati la machesi ongoyatsa kumene, lokanda kukhosi. Umenewo ndi mpweya wa sulfur dioxide. Ukakwera m'mwamba n'kukumana ndi dzuwa, chinyezi ndi fumbi, umasanduka timadontho ting'onoting'ono ta asidi wa sulufule, mtundu womwewo wa asidi wa m'batire la galimoto koma wosungunuka kwambiri. Timadonthoti timapanga chifunga chotuwa chomwe anthu a kuno amachitcha vog. Nyuzipepala ndi wailesi zimalengeza za vog monga zimalengezera za nyengo, ndipo makolo a ana a mphumu amatchera khutu. Mvula ikagwa kudutsa m'chifunga chimenechi imatsika ndi asidiyo. Kukakhala kopanda mvula timadonthoto timatera padenga n'kuuma, kudikirira mvula yoyamba kuti itikokolole.

Akatswiri amayeza ukali wa asidi ndi muyeso wotchedwa pH. Madzi osapendekera mbali iliyonse amakhala pa 7, ndipo nambala ikamatsika asidi ndiye akuchuluka. Mvula wamba, kulikonse padziko, imakhala cha pa 5.6. Kumene kumalowera utsi wa Kilauea imatsika kufika pa 4, nthawi zina kupitirira apo. Musaone kuchepa kwa manambalawo. Kutsika ndi sitepe imodzi kukutanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi, ndiye mvula ya pH 4 ndi yaukali kuposa mvula wamba maulendo pafupifupi 40.

Pano mpamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ine ndimaona kuti mpamene pagona nkhani yonse. Madzi a pH 4 paokha sangakuvulazeni. Madzi a malalanje ndi owawasa kuposa pamenepo, ndipo timawapatsa ana. Choopsa ndi zimene asidiyo amanyambita panjira. Amadya malata, misomali, penti, mtovu wolumikizira mapaipi, mkuwa wa mipope. Zitsulo zimenezi zimasungunuka pang'onopang'ono n'kulowa m'madzi. Mkuwa umadziulula wokha: umasiya madontho obiriwira m'sinki ndi m'bafa, madzi amamveka chitsulo m'kamwa, ndipo ukachuluka umatsegula m'mimba. Mtovu ndiye kachetechete. Suoneka, sununkha, sumveka pa lilime. Umangounjikana m'thupi, ndipo amene umawapweteka kwambiri ndi ana aang'ono ndi amene ali m'mimba, chifukwa umasokoneza kakulidwe ka ubongo. Mwana amavutika kugwira za m'kalasi, makolo n'kumati ndi ulesi.

Anthu a pachilumbachi anaziphunzira zimenezi movutikira. Kilauea anayamba kuphulika pamalo otchedwa Pu'u 'O'o mu Januwale 1983, ndipo sanalekeze kwa zaka 35. Kuyambira cha m'ma 1986 phirili linkatulutsa matani pafupifupi 2,000 a sulfur dioxide tsiku lililonse. Mu 1988 atayeza madzi a m'matanki m'maboma a Kona, anapeza kuti pafupifupi nyumba 40 pa 100 zilizonse zinali ndi mtovu m'madzi akumwa, ndipo magazi a anthu ena a m'nyumbazo anasonyeza mtovu wokwera. Panayambika ntchito yaikulu yochotsa misomali, penti ndi zolumikizira za mtovu m'madenga ndi m'mapaipi pachilumba chonse. Chodabwitsa n'chakuti Kona ali kutsidya lina la chilumba, ulendo wa makilomita 150 pamsewu kuchokera paphiripo. Kuti mumvetse mmene utsi unafikira kumeneko, muyenera kuutsatira.

Mphepo ya kuno nthawi zambiri imachokera kumpoto chakum'mawa. Choncho mudzi wa Volcano, ngakhale uli pakhomo penipeni pa phirilo, masiku ambiri umakhala kumbuyo kwa utsi. N'kobiriwira, kuli mitengo ya ohia ya maluwa ofiira ndi zomera za hapuu zotalika kuposa munthu. Koma mukangodutsa chipata cha paki n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku Ka'u, nkhalango imatha ngati wina waidula ndi mpeni. Kumanzere kwa msewu kuli chipululu cha Ka'u: miyala yakuda, mchenga, phulusa louma gwa. Chipululuchi sichinabwere chifukwa chosowa mvula kokha. Mvula imagwa ndithu, koma imagwa kudutsa mu utsi wa Halemaumau, ndiye mbewu zambiri sizipirira. Pali kanjira kopita kukaona mapazi a anthu amene anaponda phulusa lonyowa pa kuphulika kwa mu 1790, ndipo mapaziwo alipobe. Ndikaima pamenepo ndimaganiza kuti mvula imene yaletsa udzu kumera pano ndi yomweyo imene ikugwa pamadenga a anthu makilomita ochepa kutsogoloku.

Kutsogoloko kuli Pahala, tauni yakale ya nzimbe yomwe tsopano yazunguliridwa ndi minda ya khofi ndi makademiya. Mlimi wa ku Thyolo angaizindikire mitengoyo msanga, pakuti mitundu ingapo ya makademiya yolimidwa kwathu inachokera ku Hawaii komweku. Pahala ndi amodzi mwa malo amene vog amawakonda. Mu Malichi 2008 pamene dzenje latsopano linatseguka mu Halemaumau, utsi unawonjezeka kwambiri, masamba a mbewu anapsa, alimi a maluwa ku Ka'u analuza, ndipo mawaya a mipanda ya ng'ombe ankachita dzimbiri msanga kuposa kale. Ngati waya wa mpanda ukudyeka chonchi, ganizirani za malata a nyumba. Kuchoka apo mphepo imazungulira kumwera kwa phiri lalikulu la Mauna Loa, kudutsa Ocean View, n'kukafika ku Kona. Kumeneko utsi umatsekeredwa kuseri kwa mapiri. Masana kamphepo ka kunyanja kamaukankhira kumtunda, usiku ka kumtunda kamaubwezera kunyanja, ndiye umangoyendayenda pamwamba pa minda ya khofi osachoka. Pofika kumeneko mpweya wambiri umakhala utasanduka kale asidi. N'chifukwa chake mtovu wa mu 1988 unapezeka kutali chonchija.

Nanga banja limatani? Boma la Hawaii siliyang'anira matanki a m'makomo. Palibe wantchito amene amabwera kudzayeza madzi anu. Mwini nyumba ndiye bungwe la madzi, ndiye injiniya, ndiye woyeza. Chimene chilipo ndi malangizo, makamaka kabuku kamene Patricia Macomber wa ku koleji ya zaulimi pa yunivesite ya Hawaii analemba.

Ntchito imayamba ndi kuyeza. Timapepala toyezera pH timagulitsidwa m'masitolo a zipangizo, tomwe tija amayezera madzi a m'madziwe osambiramo. Umaviika kamodzi m'madzi a m'thanki n'kufananitsa mtundu wake ndi tchati. Akapezeka kuti atsika, mankhwala ake ali m'khitchini: soda. Inde, soda yemweyu amene timathira m'therere ndi m'chigwada. Malangizo ake ndi paketi imodzi kapena awiri, iliyonse yolemera pafupifupi theka la kilogalamu, m'thanki ya magaloni 10,000, pakapita masabata awiri kapena anayi. Magaloni 10,000 ndi malita ngati 38,000, kapena tinene migolo 190 ya malita 200. Soda amamusungunula kaye m'ndowa, kenako n'kuthira m'thanki ndi kutakasa, ena ndi nkhafi ya bwato. M'madzi ochuluka chonchi sodayo samveka n'komwe m'kamwa. Agogo amene ankatcheza chidulo sakanadabwa ndi nzeru imeneyi, pakuti chowawasa chimagonja ndi phulusa kapena soda, kaya ndi mumphika kaya ndi m'thanki. Koma mvula ikagwanso yambiri, madzi atsopano amabwera ndi asidi wawo, ndiye kuyeza sikutha.

Amene safuna kumakwera makwerero ndi ndowa mwezi uliwonse amaika chosefera chodzaza ndi timiyala ta laimu pa paipi yolowa m'nyumba. Madzi akamadutsamo amasungunula laimu pang'ono ndipo asidi amachepa. A matanki a simenti ali ndi mwayi, chifukwa simentiyo imachita ntchito yomweyo yokha, makamaka thanki ikakhala yatsopano.

Koma pali malire amene soda sangawadutse, ndipo apa m'pofunika kumvetsetsa. Soda amateteza mapaipi a m'nyumba, kuchokera pathanki kupita kumpopi. Sangabweze mtovu umene wasungunuka kale padenga madzi asanafike m'thanki. Umenewo njira yake ndi imodzi: kuchotsa gwero. Dziko la America linaletsa penti ya mtovu m'nyumba mu 1978, ndipo mtovu wolumikizira mapaipi a madzi akumwa mu 1986, koma nyumba zakale zilipobe, ndipo si aliyense amene amadziwa chimene mmisiri anakhomera padenga zaka 50 zapitazo. Kuwiritsanso sikuthandiza. Ife tinakula tikudziwa kuti madzi okayikitsa amafuna moto, ndipo pa majeremusi n'zoona. Koma chitsulo sichifa. Madzi akamawira n'kumaphwa, mtovu umatsalira mumphika, ndipo umakhala wochuluka pa kapu iliyonse kuposa poyamba. Chimene mabanja amachita ndi kutsegula mpopi kwa kanthawi m'mawa kuti madzi ogona m'mapaipi atayike, kusatunga madzi a mpopi wotentha pophika kapena pokonza mkaka wa mwana, ndiponso kutumiza madzi ku labotale. Nthambi ya zaumoyo ya boma imathandizako pa mtengo woyezera mtovu ndi mkuwa.

Zonsezi ndi za masiku wamba. Phiri likalusa pamabwera zina. Pa 3 Meyi 2018 nthaka inang'ambika pakati pa nyumba za anthu ku Leilani Estates, kumunsi kwa Puna. Kwa miyezi itatu chiphalaphala chinayenda ngati mtsinje mpaka kunyanja, chinameza nyumba zoposa 700 ndi kukwirira gombe la Kapoho. Sulfur dioxide ankatuluka matani oposa 50,000 patsiku. Kumtunda, Halemaumau ankagumuka n'kumaponya phulusa lomwe linkagwera madenga a ku Ka'u. Phulusa la phiri si la nkhuni. Ndi mwala ndi galasi zoperapera, zokutidwa ndi asidi, ndipo nthawi zina limakhala ndi fluoride. Palinso chimene amachitcha tsitsi la Pele. Chiphalaphala chikathovokera m'mwamba, mphepo imachikoka n'kukhala tiulusi ta galasi tagolide, topyapyala ngati tsitsi lenileni, touluka makilomita ambiri. N'tokongola mukationa pa udzu m'mawa. Koma timabaya khungu, timatseka zosefera, timawononga pampu, ndipo palibe amene angafune kutimeza. Kuyambira pa 23 Disembala 2024 Kilauea wakhala akuthovola chiphalaphala mobwerezabwereza mkati mwa Halemaumau, nthawi zina kupitirira mamita 300 m'mwamba, ndipo mphepo ikatembenuka tsitsili limagwera mudzi wa Volcano ndi midzi yoyandikana nawo.

Pa nthawi zoterezi lamulo lake ndi lachidule: chotsani paipi yochokera kudenga, vindikirani thanki. Mvula igwe, itsuke denga, madziwo apite pansi. Mukasesa ngalande za m'mphepete mwa denga n'kuona kuti madzi akutsika oyera, ndiye mubwezeretse paipi. Nyumba zina zili ndi kapaipi kapadera kamene kamapatutsa madzi oyambirira a mvula iliyonse, aja otsuka fumbi, zitosi za mbalame ndi asidi wouma, kuti asalowe m'thanki. Kunena n'kosavuta. Koma taganizani munthu wachikulire wokhala yekha, usiku, chenjezo lafika pafoni, mvula ikuwaza, ndipo paipi ili pamwamba pofunika makwerero. Taganizaninso banja limene thanki yake yatsala theka, mvula yabwino ikugwa, koma liyenera kuiyang'ana ikutayika. Galimoto zogulitsa madzi zilipo, koma zimafuna ndalama, ndipo nthawi ya chilala mzere wake umatalika.

Ndisanamizire phiri zonse. Anthu ambiri amene amadwala ndi madzi a m'thanki kuno sadwala chifukwa cha Kilauea. Makoswe amayenda padenga n'kusiya mkodzo wofalitsa matenda a leptospirosis. Nkhono zopanda chigoba zimakwawira m'thanki yosatseka bwino n'kufera momwemo, ndipo zina zimanyamula tinyongolotsi ta m'mapapo a khoswe tomwe tikalowa mwa munthu timakafika ku ubongo. Puna ndi dera limene matendawa apezeka kwambiri. Soda sapha chilichonse mwa zimenezi. Pamafunika chivindikiro cholimba, kudula nthambi zofika padenga, klorini, zosefera, ndipo amene angakwanitse amaika nyali ya UV imene imapha majeremusi madzi akamadutsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mabanja amene anasamukira kuno chifukwa malo ndi otchipa ndi omwewo amene zipangizo zimenezi zimawakulira mtengo. Kunena kuti aliyense adzisamalire yekha kumamveka bwino kwa amene ali ndi ndalama. Khanda la m'nyumba ya lendi silinasankhe denga limene likumwera madzi ake.

Mwina n'chifukwa chake malo amene anandiuza zambiri za chilumbachi sanali pachidzenje cha moto, koma pamipopi ya boma. M'mbali mwa misewu ikuluikulu, pomwe paipi ya boma imadutsa, khonsolo inaika mipopi yoti aliyense atungepo madzi akumwa kwaulere. Madzulo anthu akaweruka kuntchito mumapeza magalimoto ataima, mabuti ali otsegula, zigubu zili ndandanda. Amayi ovala yunifolomu ya kuchipatala, anyamata opanda malaya, agogo ndi adzukulu awo, onse akudikira nthawi yawo n'kumacheza za mphepo, kuti lero yalowera kuti. Ambiri a iwo ali ndi thanki yodzaza kunyumba. Amasambira, amachapira, amatsukira mbale madzi a padenga, koma akumwa ndi ophikira amadzatunga pano. Munthu wochokera kwathu sachedwa kuzindikira malo otere. Ndi pachitsime, kungoti mitsuko yake imabwera pagalimoto.

Kuphulika kwa 2018 kutazirala mu Ogasiti, utsi unachepa kwambiri kwa nthawi yoyamba m'zaka zoposa 30. Ku Kona ana amene anabadwira m'chifunga anayamba kuona bwinobwino mzere umene nyanja imakumana ndi thambo. Timapepala toyezera tinkasonyeza manambala abwinoko, ndipo m'makomo ena paketi ya soda inabwerera kukhitchini. Zinatenga zaka ziwiri ndi miyezi yochepa. Usiku wa pa 20 Disembala 2020 Halemaumau anayakanso, ndipo m'masiku otsatira chifunga chinazungulira Mauna Loa n'kubwerera pamalo ake akale, pamwamba pa madenga a ku Kona.